Anathamanga Kamodzi Kokha

Malemu anabadwa pa 14 Febuluwale 1986, m'chipatala chaching'ono, pabedi la pafupi ndi zenera losweka limene anamwino analitseka ndi katoni. Tsikuli sindikulitchula pamtima ayi, lili pa khadi la kusikelo limene ndalisunga m'chitini zaka zonsezi. Ine ndine agogo awo, mayi wa mayi awo. Kusukulu sindinapondeko, choncho mawu mukumvawa ndayankhula ndine, walemba ndi mwana wanga wotsiriza, mayi awo aang'ono a malemu, ndipo akuwerenganso ndi yemweyo. Ndaima pambali pake kuti asadumphe. Zilembo sindizidziwa, koma mawu anga ndimawadziwa, akadumpha ndimva.

Anamalira nonse, a mpingo, anzawo a kuntchito, ndi inu mabwana a polisi amene mwaima uko kuseri kwa magalimoto, ndikupempha kuti mundipirire. Ndikudziwa kuti chilolezo cha mwambo uno chinabwera ndi malamulo ake: tisapitirire maola awiri, pasamveke nyimbo za sitalaka, oyankhula asapose atatu. Sitiphwanya ngakhale limodzi. Anyamata inu a kufakitale amene mwakhala kumbuyoko, ndikukuonani. Manja anu akhale poonekera. Pasapezeke wotola mwala, ngakhale woti akhalire. Maliro amodzi akwana.

Mbiri iyi si imene inayenera kuwerengedwa lero. Amalume awo analemba ina yaifupi, yaulemu, yonena kuti malemu anadwala masiku khumi ndi asanu ndi anayi n'kutisiya. Ndinaivomera ndine, ndipo ndinawauza kuti aifupikitsenso. Koma ku polisi kuli pepala lina. Pamenepo palembedwa kuti malemu anali wachiwawa amene anathamangira apolisi atanyamula chida. Munthu amafa, pepala silifa, ndipo ana awo adzakula nalo. Dzana mwana wawo woyamba anandipeza ndikutsuka makapu, amvekere: “Agogo, n'zoona kuti adadi ankafuna kupha wapolisi?” Ine monga mwa chizolowezi changa ndinayang'ana kukhomo kaye, kenako ndinati tseka pakamwa, ukufuna adzatitengenso ife? Mwanayo sanalire. Anangogwedeza mutu ngati munthu amene wapeza yankho. M'pamene ndinaitana mwana wangayu kuti tenga cholembera.

M'chaka cha 1989 mayi awo a malemu, mwana wanga woyamba, anatisiya atadwala chifuwa. Bambo awo anali atapita kale kutali kukafuna ntchito, ndipo mpaka lero akuifunabe. Malemu anabwera m'manja mwanga ali ndi zaka zitatu, ndi malaya awiri ndi kapu yofiira ya pulasitiki imene sankalola kuti wina amwere. Ine ndinabereka ana asanu ndi mmodzi, anayi ndinawaika m'manda. Amuna anga anatengedwa ndi apolisi tsiku lina m'chipwirikiti cha mumsewu akuchokera kogula mafuta a nyale. Sanadziwe n'komwe chimene anthu ankalimbirana. Anaona anthu akuthawa, nawonso n'kuthawa. Anabwerako patatha milungu itatu akukoka mwendo, ndipo anaukoka mpaka tsiku lawo lomaliza. Ndiye inu amene mumanditcha a Samala ndikapotoloka, mukuganiza kuti sindimamva, mwadziwa lero kumene ndinazitenga.

Malemu ndinawalera ndi machenjezo kuposa chakudya. Usakwere mumtengo. Usasambe pa damu. Usatole chinthu pamsewu, mwini wake ali pafupi. Usaime pansi pa waya wa magetsi. Usayankhe munthu woledzera. Koma chenjezo lalikulu, limene ndinkalinena m'mawa ndi madzulo, linali ili: ukaona apolisi usathamange, chifukwa wothawa ndi wolakwa kumbuyo kwawo n'kofanana.

Anayamba sukulu mu 1993. Anali mwana womva, womva mopitirira. Ali m'kalasi lachitatu aphunzitsi aakulu anandiitanitsa, ati mwana wanuyu wakana kuthamanga pa mpikisano, anzake afika kumapeto iye akungoyenda manja ali kumbuyo ngati woyendera sukulu, ndipo titamufunsa wati agogo analetsa. Aphunzitsi anaseka mpaka kupukuta misozi. Ine sindinaseke, ndinawathokoza, ndinapita kunyumba n'kumuwiritsira dzira. Anapitirira mpaka kusekondale, komwe anaphunzira zaka ziwiri. Mu 2003 manja anga ochapa zovala za anthu anali atatopa, ndipo malemu anasiya sukulu okha, osandifunsa. Anati nthawi yakwana yoti chitini chija chizisunga zinthu zina, osati khadi la kusikelo lokha.

Mu 2005 analembedwa ntchito ku fakitale ya sopo, yonyamula malasha pa wilibala. Ankabwera kunyumba ali bii, koma akununkhira ngati mkwatibwi. Ankatumikira bambo wina wokalamba amene ankayang'anira boyila, ndipo bamboyo atawaona kuti ndi munthu wosaphethira anayamba kuwaphunzitsa. Mu 2010 anakalemba mayeso n'kulandira setifiketi, ndipo boyila inakhala m'manja mwawo. Kwa inu amene simuidziwa, anandifotokozera ine chonchi: “Agogo, ili ngati ketulo yanuyi, koma yaikulu ngati basi. Nthunzi yake ndi imene imayendetsa fakitale yonse. Ikakhala ndi madzi imaimba bwinobwino. Madzi akatha moto ukadali pansi, imanyamula khoma ndi onse amene ali pafupi.” Nditamva zimenezo ndinati mawa usapitenso. Iwo anandigwira phewa, amvekere: “Ntchito iyi imafuna munthu wamantha, agogo. Setifiketi yeniyeni ndinaitenga kwa inu.” Pa boyilayo pali kagalasi kosonyeza pamene madzi afika. Anzawo akuti malemu ankakayang'ana ngakhale ali pakati pa nthabwala. Ndi anzawowo amene anawapatsa dzina loti a Nthunzi.

Pa 20 Ogasiti 2011 anamanga banja ndi mayi amene akhala apawa, telala wa pamsika, mkazi mnzanga. Ndiyenera kuvomera kuti ndinawachenjezanso za iwowa. Ndinati mkazi woseka mokweza chonchi adzakuitanira akuba. Ndinalakwa. Mkazi mnzangayu sanalole kuti nditsale ndekha, anandipatsa kachipinda ka pafupi ndi khitchini, ndipo zaka zonsezi takhala tikulimbirana mwamuna mmodzi popanda wotukwana mnzake. Malemu akabwera kuntchito ankayamba kusuzumira kwa ine, n'kunena kuti mkazi wamkulu ayambe walandira moni, wamng'ono adikire. Mulungu anawapatsa ana atatu: mtsikana mu 2012, mnyamata mu 2015, ndi wotsiriza uyu mu 2021, amene mpaka pano akumatiuza kuti tisiye chitseko chotsegula.

Tsopano ndafika pa chitsulo. Mu 2016 kagudumu kotsegulira mpopi wolowetsa madzi m'boyila kanathyoka. Mabwana anati aitanitsa kena. Podikira, malemu ndi mnzawo wowotcherera zitsulo, a Chipewa, amene akhala apo atavula chipewa chawo koyamba, anasula chitsulo chotalika ngati mkono, cha kamwa la ngodya zinayi kumapeto, choti azikolowekera pa mpopipo potsegula. Ankati n'chakanthawi. Kanthawiko kanakwana zaka zisanu ndi zitatu. Popanda chitsulo chimenecho mpopi sutseguka, ndipo madzi salowa. Amene anawauza kuti asamachisiye kuntchito ndine. Ndinati wina adzachiseweretsa, mlandu n'kugwera iwe. Choncho madzulo akazimitsa moto ankabwera nacho n'kuchikoloweka pa msomali kuseri kwa chitseko, ndipo akakhala patchuthi ankachipereka kwa a Chipewa dzanja ndi dzanja. Msewu wonse unkawadziwa: m'mawa chitsulo paphewa, kontena ya chakudya kumanja. Ana ankawaitana kuti bambo a kiyi. Ngakhale apolisi a pa mphambano ankawapatsa moni.

Pa 4 Juni chaka chino ogwira ntchito ananyanyala. Ankadandaula za manja opsa ndi mankhwala opangira sopo popanda magolovesi, za malipiro, ndi za kagudumu komwe kaja. Malemu sanali mtsogoleri, sankadziwa n'komwe kuimba. Tsiku loyambalo anzawo akutuluka pageti, iwo anatsalira maola anayi akuzimitsa moto mwadongosolo lake, anatseka mpopi, kenako anakauza bwana wamkulu maso ndi maso kuti boyila isayatsidwe iwo palibe. Tsiku lililonse ankapita kukakhala pageti ndi anzawo, chitsulo chili paphewa, ati mwina mabwana angavomere lero, ndingolowa n'kuyamba ntchito. Apolisi anabwera n'kumanga chingwe kudula msewu. Mlungu woyamba kunalibe vuto. Mkulu wawo anali bambo wa imvi, wofatsa, ndipo amayi ogulitsa madzi ankagulitsa mbali zonse ziwiri za chingwe.

Pa 11 Juni masana galimoto ya chimkuzamawu inazungulira m'misewu yathu. Inalengeza kuti kuyambira mawa lake aliyense wopezeka pageti ndi ndodo, mwala kapena chitsulo adzamangidwa pomwepo popanda chikalata. Ine ndinali pakhonde, ndinamva mawu onse. Madzulo ake malemu ali kosamba, ndinachotsa chitsulo chija pa msomali, ndinachikwirira pansi pa thumba la makala m'khitchini, n'kusamba m'manja. M'mawa anachifunsa. Ndinati mwina ana. Anayang'ana pang'ono, nthawi n'kuwathera, n'kupita chimanjamanja. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati lero ndamupulumutsa.

Tsiku limenelo, pa 12 Juni, cha m'ma 8 koloko, anthu a pageti anaona utsi ukutuluka pa chumuni. Mabwana anali atalowetsa aganyu pageti lakumbuyo n'kuwauza kuti ayatse boyila. Aganyuwo sankadziwa za mpopi wopanda kagudumu. Anaona madzi otsala m'kagalasi, anati zili bwino, n'kumathira malasha. Malemu anawerenga m'mutu mwawo kuti madziwo sangapirire maola awiri. Ndipo apolisi pafupifupi makumi atatu anali atandanda pamthunzi wa khoma lomwelo la boyila, ena atatsamira, ena akudya.

Malemu anapita pachingwe atagwira chisoti m'manja, n'kufotokozera mkulu wa imvi uja. Mkuluyo anati lamulo limene wapatsidwa n'loti wonyanyala asadutse, ndipo bwana wa fakitale wamuuza kuti zonse zili bwino. Koma anawonjezera kuti ngati chitsulocho chilikodi, akachitenge achione ndi maso ake, ndipo adzawalowetsa yekha atawagwira dzanja. Kuchokera pageti kufika kwathu ndi mtunda waufupi, munthu amapita n'kubwerako madzi a tiyi asanazizire. Malemu anabwera akuyenda ndawala, monga ndinawaphunzitsira.

Anthu a Mulungu, apa mwana wangayu anakana kulemba, ndinachita kumugwira dzanja. Malemu analowa thukuta lili kamukamu n'kundifunsa chitsulo. Ndinati sindinachione. Anagubuduza matiresi, anatulutsa zovala m'masutikesi, anakwera pa tebulo kuyang'ana pamwamba pa khoma, anapita kwa aneba kukafunsa ana. Anabweranso kwa ine kachiwiri, ndinati sindinachione. Kutali kunayamba kumveka phokoso, ndipo pamene phokoso linkakula m'pamenenso ndinkaumitsa mtima. Ndinakhala pa thumba la makala lija, miyendo nditatambasula, ngati nkhuku pa mazira. Pafupifupi ola lathunthu linatha chonchi. Kachitatu sanandifunse. Anaima pakhomo la khitchini, anandiyang'ana ine, anayang'ana thumba, kenako anagwada. Anati: “Agogo, pa khoma paja patsamira ana a anthu. M'katimo muli aganyu amene anangobwera kudzafuna chakudya cha lero. Ndinu munandiphunzitsa kuopa, lero ndikuopa zenizeni. Dzukani.” Ndinadzuka. Anapisa dzanja m'makala, anachitulutsa chili bii, n'kunena kuti, “Mkazi wanga wamkulu, lero mwandichedwetsa.” Sanakalipe. Ndinawatsatira mpaka pakhonde ndikukuwa kuti usathamange, mwana wanga, usathamange! Anatembenuka, anayang'ana utsi wa pa chumuni, kenako anathamanga.

Anali ndi liwiro, anthuni. Zaka zonsezi sindinkadziwa kuti mdzukulu wanga ali ndi liwiro.

Zimene zinachitika pageti m'ola limenelo ndinazimva kwa a Chipewa ndi kwa amayi ogulitsa madzi. Anthu ataona kuti fakitale yayatsidwa ndi aganyu anapsa mtima n'kuyamba kukankha chingwe. Miyala ina inaponyedwa, sindibisa. Kunabwera lole ya apolisi ena a zishango ndi zisoti zophimba nkhope, ndi mkulu wawo wina, ndipo wa imvi uja anauzidwa kuti abwerere kumbuyo. Mkulu watsopanoyo anawerenga pepala pa chimkuzamawu kuti msonkhanowu ndi wosaloledwa, aliyense abalalike pasanathe mphindi khumi ndi zisanu. Nthawi itakwana anaponya utsi wokhetsa misozi. Ena anathawa, ena anagwidwa n'kukwezedwa m'lole, a Chipewa ali pomwepo. Msewu unatsala mbee, nsapato zokhazokha. Malemu pepala limenelo sanalimve, pamene linkawerengedwa anali atagwada m'khitchini mwanga. Ndiye taganizani zimene anyamata a zishango aja anaona: anthu onse akuthawira uko, munthu mmodzi akutulukira mu utsi, akubwera kwa iwo pa liwiro, chitsulo chakuda chili m'mwamba, akukuwa mawu osamveka. Anamuuza kuti aime. Mfuti inalira kamodzi. Chipolopolo chinalowa kunsi kwa nthiti.

Ali gone pamsewu anapitiriza kukuwa mpaka mkulu wa imvi anawazindikira n'kubwera. Malemu anamuuza kuti nthawi ya chitsulo yatha, tsopano madzi asalowetsedwenso poti ozizira angaphulitse boyila yotenthayo, angochotsa moto, ndipo amene angathe ndi a Chipewa. Mkuluyo anakwera yekha m'lole, anamasula a Chipewa, n'kulowa nawo. Anapeza madzi m'kagalasi atatsala ngati chikhadabo. Anatulutsa aganyu, anakokolola malasha amoto ndi mafosholo, wapolisi ndi wonyanyala phewa ndi phewa, mpaka manja a mkuluyo anatupa matuza. Khoma lija lilipo mpaka lero. Mukamadutsa muziliyang'ana.

Malemu anawatengera ku chipatala chachikulu, anawachita opaleshoni kawiri. Anawatsegulira mlandu woyambitsa chipolowe ndi wofuna kuvulaza apolisi ndi chida. Dzanja lawo lamanzere linamangidwa unyolo ku chitsulo cha bedi, munthu woti sangathe n'kukhala tsonga komwe. Chitsulo chawo anachimangirira kapepala n'kuchitsekera ku polisi ngati umboni. Pambali pa bedi pankakhala wapolisi wolondera, bambo wachikulire wa shuga, amene ankabwera ndi botolo lake la tiyi wopanda kanthu. Masiku atatu oyamba sindinamuyang'ane kumaso. Tsiku lachinayi anandisiyira mpando wake. Anandifotokozera mofatsa kuti lamulo limawapatsa mphamvu yobalalitsa anthu pepala lija likawerengedwa, yomanga popanda chikalata, ndi yodziteteza akaona kuti moyo uli pangozi. Ine ndinamufunsa kuti, bwana, nanga lamulolo limamufunsa munthu kumene akuthamangira? Anatseka botolo lake la tiyi. Kenako anati, “Amayi, ine ndinali pa khoma paja. Ndinali ndikudya.” Kuyambira tsiku limenelo ankamasula unyolo tikafuna kuwatembenuza, iye n'kuima pakhomo la wodi kuyang'ana akuluakulu ake.

Ofufuza anabwera kawiri ndi mabuku awo. Mkulu wa imvi anali atalemba lipoti lake loti anawatuma ndi iye, ndipo patangotha masiku ochepa anamusamutsira kutali. Koma ofufuzawo anakakamira pa funso limodzi: ngati unatumidwa 8 koloko, ndipo kwanu n'kufupi, ola lathunthu unali kuti? Anati munthu wofuna kupulumutsa anthu sachedwa chonchi, ola limenelo unali kopangana ndi anzako. Malemu anayankha kuti, “Ndinachedwa ndekha.” Anawafunsanso, yankho lomwelo. Ine ndinali pomwepo, ndikufinya kansalu m'beseni. Sindinatsegule pakamwa. Loya wa bungwe la ogwira ntchito anabweranso kunyumba kudzafunsa ngati alipo amene anawaona m'ola limenelo. Ndinadzitsekera kubafa mpaka anapita.

Bala linayamba kutukusira m'kati. Thupi linatentha, mankhwala anasinthidwa katatu, koma osathandiza. Pa 29 Juni masana, mkazi mnzanga atatuluka kukachapa, malemu anandikodola ndi dzanja lomasuka. Anati ndisadziimbe mlandu, chifukwa ndikanapanda kuwaphunzitsa mantha sakanauona utsi uja monga anauonera. Anatinso ndisanene kanthu kwa apolisi, ndakalamba, sindingapirire mabenchi a kumeneko. Kenako anandifunsa ngati makala aja anatha, poti anawasokoneza kwambiri. Anaseka, kuseka kunawapweteka. Pa 1 Julayi, 3 koloko masana, anatsirizika, mkazi wawo atawagwira dzanja lamanja, ine nditagwira phazi. Unyolo anaumasula patatha ola limodzi, chifukwa tsikulo wolondera anali wina, ndipo wosunga kiyi anali atapita kukadya.

Malemu atisiya ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Asiya mkazi wawo, ana atatu, amalume awo, mayi awo aang'ono amene akuwerengawa, ndi ine, amene ndimayembekeza kuti adzandikwirira ndi iwo.

Banja likuthokoza anamwino a wodi ya amuna, amene ankatilola kukhala nthawi yoona odwala itatha. Tikuthokoza a Chipewa ndi anzawo onse a kufakitale amene anakhoma bokosi ndi manja awo opsa aja. Tikuthokoza amayi ogulitsa madzi amene anatsekera bala ndi nsalu zawo galimoto isanabwere, aneba amene asunga ana masiku onsewa, ndi a mpingo. Tikuthokoza mkulu wa imvi kumene aliko, uthenga umupeze. Tikuthokoza bambo wolondera uja. Ndamuona, wabwera wosavala yunifolomu, sindimuloza.

Poti ndine a Samala, ndiloleni ndichenjeze komaliza. Mabwana a fakitale, mwatumiza nkhata yamaluwa yaikulu, tailandira. Koma ndamva kuti kagudumu kaja simunagulebe. Musayatse boyila ija. Inu anyamata a kumbuyoko, pochoka pano muyende awiriawiri, mwakachetechete, mufike kwanu. Amene aponye mwala lero m'dzina la malemu ndiye asainira pepala la ku polisi lija kuti n'loona. Inu mabwana a polisi, mphamvu muli nazo, ndipo ine ndaziopa moyo wanga wonse. Mnyamata amene anawombera sindimudziwa, ndipo sindikufuna kumudziwa, ndikhulupirira kuti nayenso anaopa. Koma amene munatsamira khoma lija, mukafika kunyumba mukawaone ana anu, muwawerenge. Ndipo inu amayi anzanga amantha ngati ine, mantha ndi abwino, andisungira ana awiri. Koma musamakhale pa thumba.

Malemu anandiuza kuti ndisanene. Pa za kuthamanga anandimvera moyo wawo wonse, kupatula kamodzi. Inenso lero ndawakanira kamodzi, tafanana. Lolemba m'mawa ndipita ku polisi ndi loya uja, ndikanena za ola lija monga ndanenera pano, ndikadinda chala changa pansi pa mawuwo. Ndikuopa, koma ndifika. Ndikapemphanso chitsulo chija, achotse kapepala kaja, chibwerere pa msomali wake.

Iwe mwana woyamba wa malemu, dzutsa mutu undiyang'ane. Unandifunsa dzana, ndinakutseka pakamwa. Yankho lake ndi ili, ndipo ndalinena pamaso pa anthu onsewa kuti wina asadzakuuze zina: ayi. Adadi ako ankathamangira kukatsegula madzi. Anachedwa chifukwa cha ine.

Amuna anga, a Nthunzi, moto mwazimitsa, ntchito mwaweruka. Mzimu wanu uuse mumtendere. Kumene mukupitako yendani pang'onopang'ono, manja kumbuyo, monga kale. Palibenso amene akuchedwetseni.